Kutsika pa njinga si kugonja

Akuluakulu adati khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Wofuna kuumvetsa mwambi umenewu akaime m'mbali mwa msewu wa M1 wochoka ku Chikwawa kupita ku Blantyre. Ukangowoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu n'kudutsa pa Thabwa, msewu umayamba kukwera phiri mokhotakhota, kuchoka m'chigwa chotentha kukafika mumzinda womwe uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000. Wanjinga ya katundu sakwera pamenepo ali pachishalo. Amatsika.

Tamuyang'anitsitsani. Matumba a makala awamanga ndi mphira pakaliyala, mpaka tayala lakumbuyo laphwatalala. Dzanja limodzi lagwira handulo, lina lakumbatira katundu, thupi lonse lapendekera kutsogolo, phazi likuterera m'patapata chifukwa cha thukuta. Akafuna kupuma amatsamiza njinga pantchafu, n'kukankhira mwala kunsi kwa tayala kuti isabwerere m'mbuyo. Zoti makalawo akutimalizira mitengo n'zoona ndipo zimandiwawa, koma lero maso anga ali pa munthuyo. Palibe mnzake amene amamuseka kuti watsika. Onse akudziwa kuti wokakamira kupalasa pamtunda wotere amadula tcheni, kapena kugwa ndi katundu yemwe.

Nanga ife bwanji timasekana? Masiku ano tikamati munthu ndi wopirira, timatanthauza amene saoneka kuti zamuvuta. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabizinezi ang'onoang'ono ambiri adapuma movutikira. Mayi amene adali ndi golosale, lero ali pabenchi ndi milu ya tomato ndi anyezi, timamuloza ndi milomo: "Zawathera awo." Mnyamata wobwerako ku Joni chimanjamanja amalowa m'mudzi usiku, kuopa maso a anthu. Mtsikana amene MSCE sinamuyendere amachita manyazi kuvalanso yunifolomu, ndiye amangoti bola banja.

Manyazi amenewa ndi amene akutipweteka kuposa mtunda weniweniwo. Poopa kuoneka wotsika, munthu amathamangira katapila kuti mashelefu aoneke odzaza, chiwongoladzanja chikumudya mwezi ndi mwezi, mapeto ake n'kulanditsa malata ndi mbuzi zomwe. Akadalola kubwerera pabenchi, mpamba ukadatsalako. Paja kuthamanga sikufika. Ine ndimamulemekeza mayi wa tomato uja, chifukwa adazindikira msanga kuti apa mpofunika kuyenda wapansi, ndipo ulendo sadauleke.

Pali chinanso chomwe okonda kulalikira za kupirira amaiwala. Anthu a njinga aja kawirikawiri sayenda okhaokha. Amalawirira m'bandakucha ali gulu, pampu imodzi n'kuthandiza onse, chubu cha wina chikaphulika anzake amaima mpaka amate. Mutu umodzi susenza denga. Kuuza mnzako kuti "limba mtima" uli m'galimoto, ukumuimbira hutala kuti apatukire kumiyala, ndi nkhanza yovala mawu okoma. Chimodzimodzi kukangana ndi wakabaza pa kandalama kochepa atakukweza mtunda wonse, malaya atanyowa, pamene mtengo wa tayala ndi masipoko ukukwera ukuona.

Choncho zotsatira za mayeso zikatuluka, dzina la mwana wanu n'kusowa, musamufunse kuti anzake akhoza bwanji. Khalani naye pansi, muone maphunziro amene adamugwetsa, mumufunire malo oti abwereze ngakhale kusukulu yamasana. Amalume ndi azakhali asonkhe ya mayeso a MANEB nthawi yolembetsa isanathe, ndipo wina azipita kukaona makope ake.