Mutu tauveka chipewa, nanga mwendo tausiyira yani?

Wapolisi wapamsewu akaimitsa njinga yamoto, maso ake amathamangira kumutu: chipewa chili kuti? Akatero amafunsa chiphaso ndi inshulansi. Zonsezi nzoyenera ndipo lamulo limatero. Koma sindinamvepo wina akufunsa za kumapazi. Mukadzafika pa siteji ya kabaza pa msika uliwonse, kaya ndi pa Jenda, pa Lizulu kapena pa Thondwe, mudzayang'ane pansi. Anyamata ambiri amene akudikira makasitomala mudzawapeza ali m'patapata, ena m'nsapato zapulasitiki zoonetsa zala, ena atavala kabudula wampira. Okwera nawonso ndi chimodzimodzi.

Nkhaniyi ndaibweretsa chifukwa cha mkangano umene ndimaumva kawirikawiri pakati pa akabaza. Ena amati njinga yopanda zitsulo zotchinga miyendo ndi msampha. Ena amati zitsulozo nzongokongoletsa ndipo zimavutitsa popanikizika pakati pa magalimoto, motero amazimasula. Zitsulo zimene ndikunenazi ndi mapaipi opinda aja amene amamangidwa kutsogolo kwa injini, kumanja ndi kumanzere, omwe ogulitsa masipeya amati crash bar. Njinga zina zimabwera nazo, zina zimabwera zopanda, ndipo zina zinali nazo koma zinathyoka osabwezeretsedwa.

Tiyambe ndi mwendo weniweniwo. Munthu amene ali m'galimoto ali ndi chitseko pakati pa iye ndi msewu. Panjinga yamoto chitsekocho ndi mwendo wake. Galimoto ikakugundani cham'mbali, bampala yake imafika ndendende pa msongolo ndi pa bondo. Gwirani msongolo wanu pompano: pakati pa chala chanu ndi fupa pali khungu lokha, mnofu palibe. N'chifukwa chake fupa limeneli likathyoka pangozi ya njinga, nthawi zambiri limaboola khungu n'kutulukira kunja, ndipo dothi la mumsewu limalowa mpaka m'fupa. Kuthyoka kotereku sikufanana ndi kwa mwana amene wagwa mumtengo wa mango n'kumuika chikhakha. Kumafuna opaleshoni yotsuka bala, mankhwala opha tizilombo ndipo nthawi zina zitsulo zogwira fupa. Bala likalowa mafinya m'fupa, munthu amavutika nalo zaka, ndipo ena mwendo amachita kuudula.

Ngakhale zonse zitayenda bwino, msongolo wa munthu wamkulu umatenga miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi kuti ulumikizane. Werengani nokha. Mnyamata amene wathyoka mu Disembala, mbewu zitangomera, adzaponda pansi bwino anzake akukolola. Kupalira, kubandira, kuthira fetereza, zonse zamudutsa. Mkazi wake kapena mayi ake nawonso asiya munda kukamudikirira kuchipatala. Mwini njinga sadikira, amapereka makiyi kwa wina. Amene anatenga njinga pangongole, ngongoleyo sithyoka mwendo, imayendabe.

Ndipo madokotala a mafupa m'dziko muno ndi owerengeka. Ntchito yaikulu m'zipatala za m'maboma imagwiridwa ndi ma clinical officer a mafupa, amene dziko lino linayamba kuwaphunzitsa mu 1985. Zikawakanika amatumiza wodwala ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Mzuzu, ku Zomba kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene mu 2023 kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION. Kwa munthu wakumudzi, ulendo umenewu wokha ndi mbuzi ziwiri zogulitsa.

Tsono kodi chitsulo chija chingaletse zonsezi? Yankho lake silokoma kwenikweni kwa mbali zonse ziwiri za mkangano uja. Mu 1981 ku America kunatuluka lipoti la kafukufuku wa Harry Hurt wa ku University of Southern California, amene ndi anzake anafufuza mwatsatanetsatane ngozi 900 za njinga zamoto mumzinda wa Los Angeles. Iwo anapeza kuti theka la kuvulala konse kwa thupi, kupatula kumutu ndi m'khosi, kunali m'miyendo: phazi, akakolo, msongolo, bondo ndi ntchafu. Pa za zitsulo zotchinga miyendo anapeza kuti zimachepetsadi kuvulala kwa phazi ndi akakolo, koma phindu limenelo limathera pa kuvulala kochuluka kwa msongolo, bondo ndi ntchafu. Mwachidule, ululu umangosamuka kuchoka pansi kukwera m'mwamba. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Njinga ikagunda chinthu imaima, koma munthu amapitirira kutsogolo, ndipo mwendo wake umakamenya chitsulo chomwecho. Chitsulocho chikapindikira kumbuyo chimapana mwendo ku injini.

Komabe Los Angeles si kwathu kuno. Ngozi zambiri zimene Hurt anaona zinali zogundana ndi magalimoto m'misewu ya phula. Ife kumudzi timagwa mosiyana. Tayala lakutsogolo limamira mumchenga wa mu Okutobala, limaterereka pa katondo wonyowa wa mu Januwale, limalowa m'ngalande imene madzi akumba usiku, kapena mbuzi imadumphira mumsewu. Njinga imakhala ikuyenda pang'onopang'ono, kenaka imangogona cham'mbali. Apa ndiye chitsulo chija chimagwira ntchito yake. Chimafika pansi choyamba n'kusiya mpata pakati pa injini ndi dothi, moti phazi limatha kusololoka. Popanda icho, njinga yolemera makilogalamu opitirira 100, kuphatikizapo thumba la chimanga ndi munthu wokwera, zonse zimatsikira pa kakolo mmodzi. Ikagwera kumanja, paipi ya utsi yotentha imakhala pa khungu mpaka wina abwere kudzadzutsa njingayo.

Maganizo anga ndi akuti wakabaza wa m'misewu yafumbi akhale nacho chitsulocho. Chimapulumutsa akakolo pa kugwa kwa tsiku ndi tsiku, komanso chimateteza injini, thanki, chopondera buleki ndi chosinthira magiya. Koma asadzinamize kuti wavala chishango. Minibasi ikatulukira pamphambano, chitsulocho chilibe mawu. Kunena zoona chinapangidwa kuti chiteteze njinga, mwendo umangopezerapo mwayi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi zitsulo zowotcherera pamsika. Sindikunyoza amisiri athu, ambiri ndi aluso ndipo amatithandiza pamene sipeya wasowa. Koma ndaonapo njinga zomangidwa zitsulo zomangira nyumba, zina zangodya zakuthwa, nsonga zake zili poyera ngati nyanga za ng'ombe. Chimenecho pangozi chimasanduka mkondo, kwa woyendetsa ngakhale kwa mwana amene akuyenda m'mbali mwa msewu. Ngati mukuwotcheretsa, uzani mmisiri agwiritse ntchito paipi yobulungira, aipinde n'kubwerera ku fulemu osasiya nsonga, aimange ndi mabawuti pamalo olimba, ndipo isatambalale kuposa mahandulo. Chikapindika pangozi, musachiwongole ndi hamala kawiri katatu, chitsulo chimatopa n'kudzathyoka tsiku loipa.

Palinso chizolowezi chosandutsa chitsulocho popachikira katundu. Ena amakolowekapo zigubu za petulo, nkhuku, matumba a tomato. Ena paulendo wautali amatambasula miyendo n'kusanjika mapazi pamenepo ngati ali pa mpando wa ndalema. Aiwala kuti buleki ya tayala lakumbuyo ili pansi pa phazi lamanja. Phazi likakhala kutali, pofika pa buleki mwana wa sukulu wawoloka kale. Za ana ang'onoang'ono okhazikidwa pa thanki, mapazi ali lende pafupi ndi injini, sindikufuna n'komwe kuyamba, chifukwa tsamba lino lingathe.

Nanga ngati chitsulo sichikwanira, mwendo utetezedwa ndi chiyani? Kafukufuku wa Hurt yemweyo anapeza kuti jombo zolimba, jekete ndi magolovesi zimaletsa kapena kuchepetsa kusupuka ndi kuchekeka kwa khungu. Wina anganene kuti kusupuka nkwachabe. Ayi ndithu. Fupa lothyoka khungu lili lotseka limapola mosavuta poyerekeza ndi fupa limene lakhudza dothi. Nsapato yachikopa yofika pamwamba pa akakolo, yolimba pansi, ndiyo chinthu choyamba chimene wakabaza ayenera kugula akatha chipewa. Pakaunjika zimapezeka, makamaka jombo za ogwira ntchito m'mafakitale ndi alonda. Zingwe zake muzipisa mkati kuti zisakole chosinthira magiya kapena tcheni. Jombo zamphira za kudimba nzabwinoko kuposa patapata pa matope ndi pa kutentha kwa injini, koma sizigwira kakolo ndipo zimavuka munthu akagwa. Buluku lochindikala la jinzi pa phula siliteteza nthawi yaitali, limang'ambika, koma pa paipi ya utsi ndi pa miyala ya m'misewu yathu limathandiza.

Ndikudziwa chimene anzathu a ku Nsanje, Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja anganene: kuvala jombo mu Novembala ndi chilango. Nzoona, kumatentha. Koma asilikali ndi apolisi kumeneko amazivala tsiku lonse, ndipo iwo sakhala ndi injini pakati pa miyendo.

Wokwera ndiye amene timamuiwala kwambiri, chonsecho chitsulo cha kutsogolo sichimufika n'komwe. Iye adani ake ndi awiri: paipi ya utsi kumanja ndi masipoko a tayala lakumbuyo. Pa njinga zambiri zimene tili nazo, kaya ndi Lifo, King Lion kapena Boxer, paipi ya utsi ili mbali ya kumanja. Choncho kwerani ndi kutsikira kumanzere, komwenso ndi kumbali kwa msewu poti kuno timayenda kumanzere. Amayi ndi atsikana ambiri ali ndi chipsera chobulungira kuseri kwa mwendo wamanja chifukwa choti palibe anawauza zimenezi. Njinga ili ndi zopondera ziwiri za wokwera mmodzi. Mukakwera atatu, wina mapazi ake akulendewera, ndipo chidendene chikalowa m'masipoko sichituluka chathunthu. Musanakwere yang'anani ngati zoponderazo zilipo, chifukwa pa njinga zambiri chimodzi chinagwa kalekale.

Amayi, nsonga ya chitenje muziipinda n'kuikhalira. Ikakodwa mu tcheni kapena m'masipoko imakukokerani pansi njinga ili pa liwiro. Ku India, kumene kumapangidwa njinga za Bajaj ndi TVS, vutoli analiona kalekale ndi nsalu zazitali za amayi akumeneko, ndipo malamulo awo amalamula kuti njinga yamoto ikhale ndi chotchinga chophimba theka la tayala lakumbuyo. Amachitcha saree guard. Kachitsulo kooneka ngati sefa kameneka, pa njinga zimene zabwera nako, kasachotsedwe. Kwa mayi wa chitenje nkofunika kuposa crash bar.

Pa liwiro ndilankhule monga mphunzitsi pang'ono. Mphamvu imene chinthu choyenda chimagunda nayo sikula mofanana ndi liwiro, imakula mowirikiza. Mukachoka pa makilomita 30 pa ola kufika pa 60, mphamvu yogundayo sikhala kawiri, imakhala kanayi. Pa 90 ndi kasanu ndi kanayi. Ana a sekondale amalemba zimenezi pamayeso n'kukhoza, akamaliza Fomu 4 n'kusowa ntchito amakakwera njinga n'kuziiwala. Ndipo musaganize kuti ngozi imafuna liwiro la misala. Theka la njinga zimene Hurt anafufuza zinkathamanga osapitirira makilomita 48 pa ola ngozi isanachitike.

Eni njinga, inu amene mumalandira ndalama madzulo aliwonse mutakhala pakhonde, jombo za mnyamata wanu ndi gawo la njingayo monga tayala. Mumagula oyilo chifukwa mukudziwa kuti injini ikafa ndalama yaima. Mwendo wa woyendetsa ukathyoka mumangosintha munthu, n'chifukwa chake simuuwerengera. Atcheyamani a masiteji nawonso ali ndi mphamvu imene wapolisi alibe. Amatha kuletsa munthu kunyamula pa siteji chifukwa sanalipire ya umembala kapena sanavale chovala chowala chija. Atafuna, angathenso kunena kuti wa patapata lero sanyamula.

Ngozi ikachitika, zimene anthu oyamba kufika amachita zimatha kupulumutsa mwendo kapena kuumaliza. Zimitsani injini ndipo dzutsani njingayo, osamukoka munthu pansi pake. Mwendo wothyoka musaukoke kuti muuwongole, ndipo fupa limene latuluka musalikankhire mkati. Phimbani balalo ndi nsalu yoyera, ngati magazi akutuluka kwambiri panikizani m'mbali mwake, ndipo musathirepo dothi, petulo, mafuta a buleki kapena masamba. Pezani timatabwa tiwiri kapena nsungwi, ikani uku ndi uku kuchokera pamwamba pa bondo mpaka kuphazi, n'kumanga ndi chitenje. Wovulalayo asadye kapena kumwa kanthu, poti mwina akalowa ku opaleshoni. Bala la fupa lotulukira limafuna chipatala tsiku lomwelo, osati kuyamba mwadzera kwa asing'anga.

Kumudzi nthawi zambiri ambulansi yake imakhala kabaza wina. Ngati palibe galimoto kapena ngolo, mangani kaye mwendowo musanamukweze, ndipo kumbuyo kukhale munthu woti augwirire kuti usalendewere. Wopsa ndi paipi ya utsi muthireni madzi ozizira aukhondo kwa mphindi 20, osapakapo mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira, ndipo matuza ake musawaboole.