Safunsa Anadya Phula: Za Mlonda Wamng'ono wa mu Injini

Tikulemba tili pakati pa mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa la kuno ku Kanakantapa likuswa mtengo, timitsinje taphwa, ndipo aliyense maso ali kumwamba kudikira mitambo. Ino ndi nyengo imene timaona magalimoto ataima m'mbali mwa msewu wa Great East, boneti ili yasa, nthunzi ili tolotolo, eni ake atagwira njakata.

Chiyambire malo ano mu 1988, pamene boma la a Kenneth Kaunda linagawa minda kwa achinyamata osowa ntchito m'matauni, mwini galimoto sanakhalepo nayo yekha. Galimoto imodzi m'mudzi ndi ya tonse: ndiyo imapititsa tomato ku msika wa Soweto, ndiyo imabweretsa feteleza, ndiyonso imathamangitsa wodwala kuchipatala usiku. Ikafa, olira sakhala a nyumba imodzi. N'chifukwa chake mwezi uno tafuna tikambirane za kachipangizo kakang'ono kotchedwa thermostat, kamene ambiri a ife timalola kuti katayidwe tisanafunse ntchito yake.

Mnansi wathu wina ali ndi Toyota Corolla yakale, imodzi mwa zija zimabwera kuchokera ku Japan zitayendapo kale. Chaka chatha muvi wosonyeza kutentha kwa injini unayamba kumakwera akamadutsa pa zitunda. Anapita nayo kwa mmisiri wina wa pansi pa mtengo, ndipo posakhalitsa mmisiriyo anatulutsa kachitsulo kokula ngati dzira la nkhuku. "Bambo, aka n'ka ku Japan kumene kuli chisanu," anatero. "Kuno kwathu kamangotsekereza madzi. Pitani, vuto latha." Mnansi wathu analipira, nathokoza, naponya kachitsuloko m'kabokosi ka kutsogolo.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi muvi uja unkangokhala pansi, ndipo mwini wake ankayamikira nzeru za mmisiri, ngakhale ankadabwa kuti petulo wayamba kutha msanga. Koma itabwera nyengo yotentha, tsiku lina masana anapemphedwa kuthamangitsa mayi wapakati ku chipatala cha ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 40. Ali m'njira muvi unafika pofiira. Pomva kubuula kwa mayiyo sanafune kuima, ndipo injini inazima yokha. Mwayi wake, lole ya mchenga inaima n'kuwatenga. Mayi ndi mwana ali moyo mpaka lero. Koma mutu wa injini, umene amakanika amautcha hedi, unali utapindika, ndipo galimoto inakhala pa njerwa miyezi inayi. Ndalama za feteleza wa chaka chimenecho zinathera pomwepo.

Amene anaikonza anapeza kuti rediyeta inali itatsekeka, m'kati ndi dzimbiri, kunja ndi fumbi ndi njere za udzu. Kachitsulo kaja tinakatulutsa m'kabokosi, tinakawiritsa mumphika pamaso pa mwini wake, ndipo kanatseguka bwinobwino. Anamanga wosalakwa, mbala n'kuisiya m'nyumba.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mwambiwu ukuyenera nkhani yathu kawiri, pakuti m'kati mwa thermostat mulidi phula. Tiyeni tsono tifunse.

Injini ikamagwira ntchito imatulutsa kutentha kwakukulu. Madzi amazungulira m'tinjira ta m'kati mwake mokankhidwa ndi pampu, amatenga kutenthako n'kukakusiya ku rediyeta, kumene mphepo imawaziziritsa. Thermostat ndi chitseko chimene chili pakati pa injini ndi rediyeta. Ili ndi kabotolo kachitsulo kodzaza phula. Phulalo likasungunuka limafufuma n'kukankha kandodo, chitseko n'kutseguka. Likazizira limabwerera, ndipo sipuling'i imatsekanso chitsekocho. Nzeru imeneyi anaitulukira Sergius Vernet m'zaka za m'ma 1930, ndipo ikugwirabe ntchito m'magalimoto ochuluka mpaka lero. Pa thermostat iliyonse pamadindidwa nambala. Pa ma Toyota ambiri nambalayo ndi 82, kutanthauza kuti chitseko chimayamba kutseguka madzi akafika pakati pa madigiri 80 ndi 84, ndipo chimatsegukiratu pa madigiri 95 kapena pafupi pamenepo.

Apa ndi pamene pali kusamvetsa. Ntchito ya mlonda ameneyu ndi kuletsa injini kuzizira kwambiri. Ikatentha, iye amakhala atatsegula kale, ndipo kuziziritsa ndi udindo wa rediyeta, fani ndi pampu. Choncho thermostat yamoyo singawiritse injini, ndipo kuichotsa sikungachize rediyeta yotsekeka. Ndiponso zoti ku Japan n'kozizira chaka chonse si zoona: m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti mzinda wa Tokyo umatentha kupitirira madigiri 30, ngati Okutobala wathu. Ma Toyota amene amagulitsidwa ku Saudi Arabia ndi ku Australia amachoka ku fakitale ali ndi thermostat.

Nanga kuichotsa kumaononga chiyani? Injini inapangidwa kuti izigwira ntchito ili yotentha ndithu. Ikakhala yozizira, monga m'mawa wa Juni pamene ife tomwe timaothera moto, kompyuta yake imaonjezera petulo poganiza kuti injini yangodzuka kumene. Petulo wochulukayo amatsuka oyilo m'makoma a masilinda, zitsulo n'kumadyana, oyilo n'kumada msanga. Chinanso, injini zambiri zili ndi kanjira kachidule kamene madzi amadzeramo injini isanatenthe, ndipo thermostat ikatseguka ndi imene imatseka kanjirako. Mukaichotsa kanjira kamakhala pululu, ndipo gawo la madzi otentha limangozungulira m'kati osafika ku rediyeta. Motero galimoto yopanda thermostat ikhoza kuzizidwa m'mawa n'kudzawira masana.

Sitikunena kuti thermostat siifa. Imafa, ndipo imfa yake ili pawiri. Ikafa ili yotsegula, muvi umachedwa kukwera, umatsika mukamathamanga pa msewu waukulu, hita satenthetsa, ndipo mafuta amatha msanga. Ikafa ili yotseka, ngozi yake ndi yaikulu: muvi umafika pofiira m'mphindi zochepa pamene rediyeta ili yozizira. Chofunika ndi kudziwa kuigwira ndi umboni, ndipo umboniwo suchita kufuna makina a ku Lusaka ayi.

Yambani m'mawa injini ili yozizira. Onani ngati madzi ali odzaza mu rediyeta ndi m'kabotolo ka pambali. Onani ngati pali podontha, ngati lamba woyendetsa pampu ali wolimba, ngati rabala ya pa chitsekerero cha rediyeta ili yamoyo, ndiponso ngati timipata ta rediyeta sitinatsekeke ndi udzu wa m'misewu yathu yafumbi. Kenaka lizani injini, ndipo muzikhudza mapaipi awiri akuluakulu a rediyeta, wam'mwamba ndi wam'munsi, manja ndi zovala zili kutali ndi fani, pakuti fani ya magetsi imayamba yokha mosachenjeza. Ngati zonse zili bwino, rediyeta imakhala yozizira kwa mphindi zingapo, kenaka muvi ukayandikira pakati, mapaipi amatentha mofulumira. Akamafunda pang'onopang'ono kuchokera pachiyambi, chitseko chakanirira chotsegula kapena mulibemo. Muvi ukapitirira pakati koma rediyeta ili zii, zimitsani msanga: chitseko chakana kutseguka, kapena pampu yasiya kukankha. Koma rediyeta yonse ikakhala yotentha injini n'kumawirabe, musiyeni mlonda. Funsani fani, chitsekerero ndi rediyeta yomwe. Mukaona thovu likutuluka mosalekeza pakamwa pa rediyeta, utsi woyera kumbuyo, kapena oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, gasketi ya hedi yapsa, ndipo imeneyo ndi ntchito ya makanika wodziwa.

Umboni womaliza uli kukhitchini. Mangani thermostat ndi waya, muilendeweretse mumphika wakale wosaphikiramonso, isakhudze pansi, muike pa mbaula. Kuno kwathu tili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96, osati 100. Choncho thermostat yabwino iyenera kuyamba kuyasama madzi asanawire, ndipo akamabwata ikhale itatsegula mpata wa mamilimita 8 kapena kuposa, ngati kunenepa kwa pensulo. Mukaitulutsa itseke yokha pamene ikuzizira. Ikalephera chimodzi mwa izi, yatha ntchito.

Kuika yatsopano si ntchito yovuta kwa munthu wodekha. Pokagula tengani yakaleyo pamodzi ndi nambala ya injini, kuti akupatseni yofanana kukula, maonekedwe ndi nambala ya madigiri, ndipo musachoke popanda rabala kapena gasketi yake yatsopano. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wokonzetsa hedi. Injini itazizira, khuthulirani madzi m'beseni. Tsatani paipi yaikulu mpaka pamene yalowera mu injini. Pa ma Toyota ambiri thermostat ili kumapeto kwa paipi yam'munsi, pa magalimoto ena kwa yam'mwamba. Masulani manati awiri kapena atatu a kachivundikiro, ndipo musanazule yakale yang'anitsitsani mmene yakhalira. Mbali ya sipuling'i imaloza m'kati mwa injini nthawi zonse. Mukaitembenuza, phula silimva kutentha ndipo chitseko sichitseguka pa nthawi yake. Pa mkombero wake pali kabowo kokhala ndi kachitsulo kogwedera. Kameneko kakhale kumwamba, chifukwa ndi potulukira mpweya. Palani zotsalira za gasketi yakale mosamala, ndipo pomanga manati muzisinthanasinthana, osakakamiza, pakuti aluminiyamu sachedwa kung'aluka.

Pothira madzi ndi pamene ambiri amaonongera ntchito yabwino. Thirani pang'onopang'ono, ikani hita pa kutentha kwake konse, lizani injini chitsekerero chili chochotsa, ndipo muzionjezera pamene mpweya ukutuluka. Mapaipi onse akatentha, tsekani, yendani pang'ono, ndipo m'mawa mwake muonenso muyeso. Mpweya wotsalira m'kati umawiritsa injini ngakhale thermostat ili yatsopano.

Tinenepo za madziwo. Yang'anani m'ketulo ya kunyumba: ngati muli zoyera zokakamira, zomwezo zikukakamira mu rediyeta yanu. Madzi a m'mijigo yambiri ya ku Lusaka ndi madera ozungulira ali ndi laimu, ndipo a mumtsinje ali ndi matope. Gwiritsani ntchito mankhwala otchedwa coolant, osakaniza kale kapena osakaniza ndi madzi oyeretsedwa monga mwalembedwera pa botolo. Ena amati ndi a ku maiko a chisanu, koma ndi amene amateteza injini ku dzimbiri ndi kuchedwetsa kuwira. Amayi ndi abambo, chenjerani: mankhwalawa ndi otsekemera koma ndi poizoni. Musawasunge m'botolo la zakumwa, ndipo musawasiye m'beseni pamene pali ana, agalu kapena nkhuku.

Ndipo injini ikakuwirirani pa msewu, imani pomwepo. Musatsegule chitsekerero cha rediyeta: chimasunga madzi mopanikizika kotero kuti amatentha kupitirira madigiri 100 osawira, ndipo mukachitsegula amakuthovokerani kumaso. Musathire madzi ozizira mu injini yamoto, mungang'ambe hedi. Dikirani theka la ola kapena kuposa. Ngati mwatsimikiza kuti thermostat yakanirira yotseka ndipo muli kutali ndi sitolo, kuichotsa kuti mukafike n'kololeka, koma ikhale ndodo yowolokera mtsinje, osati yoyendera moyo wonse.

Sitikunyoza amisiri athu a m'mbali mwa msewu. Ambiri a iwo atipulumutsa nthawi zosawerengeka ndi zida zochepa. Koma mwini galimoto ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "Amisiri, mwaona chiyani kuti mukachotse? Tiyeni tikawiritse tione." Mmisiri woona sakwiya ndi funso lotere. Ndipo inu amene munagula galimoto kwa munthu wina, kodi mukudziwa ngati mlonda alimo? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Corolla ya mnansi wathu inabwerera pa msewu ndi rediyeta yotsuka ndi thermostat yatsopano, ndipo muvi wake umakhala pakati, kaya ndi Juni kaya ndi Okutobala. Kachitsulo kakale kaja anakapachika pa msomali m'sitolo yake ya chimanga, ndipo mnyamata aliyense wophunzira kuyendetsa amayamba wamva mbiri yake. Mpaka mwezi wamawa, tsalani bwino, ndipo muyende mosamala.