Dimba la pakhomo pa mchenga wa ku Tukombo

Inu a ku Tukombo, Kande ndi Chintheche, tikambirane za dimba la pakhomo.

Nyanja ili pafupi. Madzi sasowa. Koma ambiri amene anayesapo kulima repu, mpiru kapena tomato kuseri kwa nyumba akudziwa mmene zimawawira. Mwathirira m'mawa ndi keni, pofika masana bedi lauma gwa. Nthaka yathu ndi yamchenga. Chinangwa chimapirira pamenepo, koma ndiwo zamasamba sizipirira.

Mchenga umafuna manyowa usanafune madzi. Ndowe za mbuzi, zitosi za nkhuku ndi masamba ogwa, ziwolerane kaye m'dzenje. Mukabzala, phimbirani bedi ndi udzu wouma kuti chinyezi chisathawe.

Mavuto ena sangalephere. Mbuzi ikangopeza mpata pampanda, ntchito ya mwezi wathunthu imatha tsiku limodzi. Nsabwe zimakuta mpiru dzuwa la Okutobala likafika. Mvula ikachuluka, tomato amagwidwa chiwawu. Apa m'pamene ambiri amagwa ulesi, ndipo ine sindiwadzudzula.

Komabe taganizirani masiku a mwera, pamene mabwato akhala pagombe ndipo usipa wakwera mtengo. Mayi amene ali ndi dimba amangothyola nkhwani kapena bonongwe, kondowole n'kudyedwa bwinobwino. Ana nawo amapumako ku chigwada cha tsiku ndi tsiku.

Ndibwerezenso: mchenga umafuna manyowa usanafune madzi.

Choncho inu amene munasiya dimba chaka chatha, kumbani dzenje la manyowa sabata ino, mangani mpanda wolimba, muyambenso ndi bedi limodzi.