Miphika isavundikiridwe mu Disembala

Amene anakonza zoti ana azidyera kusukulu anachita bwino, koma anaiwala kuyang'ana m'nkhokwe. Holide yaikulu imagwa mu Disembala, mwezi womwe chimanga chimakhala chatha m'nyumba zambiri pomwe cha m'munda sichinafike n'komwe m'mawondo. Sukulu ikatseka, miphika imavundikiridwa, mwana n'kubwerera kwawo kukadya kamodzi patsiku.

Dutsani pa Chinyunyu, m'boma la Rufunsa, masiku amenewo. Apaulendo a mu msewu wa Great East amaima kuti aone akasupe a madzi otentha, n'kumadzijambula. Pambali pawo pamaima ana atanyamula mbale za bowa ndi mango, ena akulondera matumba a makala. Ogula amati ndi ana akhama. Khama lanji? Akusaka ya ufa wa madzulo.

Chaka cha 2024 chinatiyalutsa. Chifukwa cha kolera, sukulu zomwe zinkayenera kutsegulidwa pa 8 Janyuwale zinatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Pasanathe masabata atatu, pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chadzetsa tsoka m'dziko lonse, maboma 84 mwa 116 atakhudzidwa. Tinatseka zipata kuti ana asatenge matenda, chabwino. Nanga masabata asanu owonjezerawo ankadya kuti?

Ena amati kudyetsa mwana pa holide ndi udindo wa makolo, boma lisalowerere. Amanena choncho atakhuta. Kholo lomwe linalephera kudyetsa mwana mu Novembala silipeza chimanga chifukwa choti aphunzitsi atseka kalasi. Lili kuganyu m'munda mwa wina, wake uli thengo.

Ndipo asatinamize kuti ndalama palibe. Thumba la CDF, lotukulira dera la phungu aliyense, linachoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo lakhala likukwera. Khitchini zilipo, amayi ophika alipo, alimi oti n'kugulako chimanga ndi nyemba mu Juni mitengo ili pansi ali pompano. Ophikawo alipidweko kangachepe, poti nawonso akhala atasiya khasu nthawi yopalira.

A khonsolo ya Rufunsa, aphungu athu ndi a Unduna wa Maphunziro, yambani kudyetsa ana pa holide pa sukulu imodzi ya ku Chinyunyu, masiku atatu pa sabata, Disembala akubwerayu. Chimangacho chigulidwe chisanakwere mtengo.