Nthaka Siidya Pulasitiki

Anzanga alimi, lero tikambirane za manyowa.

Ife olima ndiwo m'chigwa cha Nhartanda, kapena m'mbali mwa Zambezi ndi Revúbuè, timaudziwa mtengo wa feteleza. Ndi wokwera. Nchifukwa chake ambiri timatuta manyowa kumakola a mbuzi ndi ng'ombe. Ena timatuta zinyalala zoola kumadzala a m'tauni ndi kumisika. Izi nzabwino. Koma tapani manyowawo dzanja limodzi, muwayang'anitsitse. Muonamo tizidutswa ta majumbo, timapepala ta masiwiti ndi ulusi wa matumba akale. Ine ndikuti zimenezi zisalowenso m'dimba la koperativa yathu.

Ena amati nthaka imadya chilichonse. Imadya mtengo, imadya fupa, imadya ndi munthu yemwe. Nzoona. Koma pulasitiki siidya ayi.

Dzuwa la kuno ku Tete ndi laukali. Jumbo ikakhala padzuwa miyezi ingapo imauma, nkuyamba kufumbutuka ngati tsamba. Khasu likadutsa limaiduladula. Ife timati yatha. Sinathe. Yangosanduka tizidutswa. Tizidutswa tochepera mamilimita 5, tonga njere ya mapira kapena kuchepera apo, akatswiri amatitcha microplastics. Tina timachepa kuposa fumbi, moti maso sangatione. Timeneti amatitcha nanoplastics. Tonseti timakhala m'nthaka zaka zambirimbiri.

Kodi timailakwira chiyani mbeu?

Choyamba, timasokoneza madzi ndi mizu. Ku China, m'chigawo cha Xinjiang, alimi a thonje anayamba kuyala mapepala apulasitiki opyapyala m'minda m'zaka za m'ma 1980. Anafuna kuti chinyezi chisathawe. Poyamba zokolola zinakwera. Koma chaka ndi chaka zong'ambika zinatsalira m'nthaka. M'minda momwe zachuluka, madzi sayenda bwino, mizu imalephera kulowa pansi, ndipo thonje limabereka pang'ono.

Chachiwiri, timavutitsa nyongolotsi. Nyongolotsi ndi mlimi mnzathu wosalipidwa. Imaboola nthaka kuti mpweya ndi madzi zilowe. M'chaka cha 2016 akatswiri a ku Wageningen, m'dziko la Netherlands, anapatsa nyongolotsi zinyalala zosakaniza ndi fumbi la pulasitiki. Pomwe fumbilo linali lambiri, nyongolotsi sizinakule bwino ndipo zina zinafa.

Chachitatu, tizidutswa tochepetsetsa timalowa m'mbeu momwe. M'chaka cha 2020 akatswiri a ku China anayesa ndi tirigu ndi letesi. Anapeza kuti timalowa pa timing'alu pomwe timizu tatsopano timatulukira, nkukwera mpaka kumasamba. Tsono letesi timalima kuno, timagulitsa kumsika, ndipo anthu amadya wosaphika.

Vutoli si lathu lokha. Bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi pa dziko lonse, linanena m'chaka cha 2021 kuti mu 2019 ulimi, kuweta ziweto ndi usodzi zinagwiritsa ntchito pulasitiki yolemera matani 12.5 miliyoni. Kuno kwathu, boma la Mozambique linakhazikitsa lamulo m'chaka cha 2015, Decreto 16/2015, loletsa majumbo opyapyala kwambiri. Koma lamulo silingabwere kudzatola majumbo m'mizere yathu. Imeneyo ndi ntchito ya manja athu.

Wina afunsa kuti, "Nanga tisiye ndowa, mapaipi ndi timatumba tofeseramo mbande?" Iyayi. Zimenezi zimatithandiza. Chida ndi chida chikadali chathunthu. Chikayamba kung'ambika, chichoke m'munda chisanafumbutuke.

Wina ati, "Tingotentha basi." Iyayi, abale. Utsi wa pulasitiki ndi woipa m'chifuwa, makamaka kwa ana. Ndiponso moto umasiya timiyala takuda m'nthaka momwemo. Kukwirira nakonso ndi kungobisa vuto pansi pa mizu.

Wina ati, "Nthawi tilibe. Kuthirira kokha kumatimalizira tsiku." Apa mpomwe pali nkhani. Kusankha manyowa kumadya nthawi, nzoona. Koma jumbo yathunthu mwana amaitola ndi dzanja limodzi. Jumbo yomweyo ikasanduka fumbi, ngakhale koperativa yonse itabwera ndi masefa, singaichotse. Paja akulu anati madzi akatayika saoleka. Kabichi safota tsiku limodzi chifukwa cha pulasitiki. Nthaka imafooka pang'onopang'ono, ndipo odzalira ndi ana athu amene adzalima pomwepa.

Tsono ndikupempha kuti pamsonkhano wotsatira tigwirizane mfundo zisanu izi:

1. Manyowa onse ochokera kudzala kapena kumsika tiyambe tawasankha asanalowe m'dimba.
2. Pankhuti ya kompositi tiziikapo zoola zokha: masamba, mapesi, ndowe, phulusa la nkhuni ndi makoko.
3. Pooka mbande tizisonkhanitsa timatumba tonse. Tabwino tigwiritsenso ntchito, tong'ambika tichotse.
4. Pophimbira nazale ndi mizere tigwiritse ntchito udzu ndi mapesi. Izi zimasunga chinyezi, kenaka zimaola nkukhala chakudya cha nthaka.
5. Pakhomo la dimba pakhale thumba limodzi loponyamo pulasitiki. Likadzadza lipite kumalo otayirako zinyalala a mzinda, osati kumtsinje.

Kunyumba nakonso tisiyanitse zinyalala. Zoola kwina, pulasitiki kwina. Popita kumsika titenge dengu. Mbuzi zathu nazonso zidzapulumuka, pakuti mbuzi yomeza majumbo imaonda ndipo ikhoza kufa.

Pomwe munthu mmodzi atola, mnzake wa mzere woyandikana ataya, mphepo imabweza zonse. Nchifukwa chake mfundozi zikhale za koperativa yonse, zilembedwe m'buku la mlembi, ndipo aliyense aziwerenge yekha.

Mafunso okambirana

1. Kodi manyowa a m'dimba mwanu mumawatenga kuti?
2. Chimachitika nchiyani jumbo ikakhalitsa padzuwa?
3. Tchulani njira zitatu zomwe tizidutswa ta pulasitiki timavutitsira mbeu ndi nthaka.
4. Ndani pagulu lanu aziyang'anira thumba la pulasitiki sabata ino?