Mphete ndi Ndodo: Kalata ya Abusa kwa Akhristu Onse

Okondedwa athu mwa Ambuye,

Takulemberani za nkhani imene inachitika kutali, ku Germany ndi ku Italy, zaka zoposa 900 zapitazo. Sitingaiiwale, chifukwa ambiri mwa olakwa m'nkhaniyi anali abusa ngati ife.

Masiku amenewo episkopi sanali mbusa chabe. Anali ndi minda, misika, mphamvu yotolera misonkho ngakhalenso asilikali, zonsezo zochokera kwa mfumu. Mfumu ndiyo inkasankha episkopi, n'kumupatsa mphete ndi ndodo ya ubusa. Tsono munthu amene walandira ndodo m'manja mwa mfumu, pakamwa pamamulemera likafika tsiku loidzudzula. Ena mtima unali pa ufumu weniweniwo. Mu 1062, ku Kaiserswerth, Arkiepiskopi Anno wa ku Köln ananyengerera mfumu Heinrich IV, mwana wa zaka 11, kuti akwere ngalawa pa mtsinje wa Rhine. Opalasa atayamba kuthawa naye, mwanayo anadziponya m'madzi, ndipo akanamira kalonga wina akanapanda kumuvuula. Anno ankadziwa kuti wosunga mwanayo ndiye wolamula dziko.

Heinrich atakula anakangana ndi Papa Gregory VII pa za amene akhale arkiepiskopi wa Milan. Mu Januwale 1076 mfumu inasonkhanitsa maepiskopi ku Worms, ndipo anauza Papa kuti atule pansi udindo. Papa anabwezera poichotsa mfumu mu Mpingo ndi kumasula anthu ake ku malumbiro awo. Akalonga, makamaka a ku Saxony amene anali ndi chakukhosi kale, anapezerapo mwayi. Atakumana ku Tribur anaipatsa mfumu malire: chikatha chaka isanakhululukidwe, ufumu watha. Ndicho chifukwa chake Heinrich anawoloka mapiri a Alps m'nyengo ya chisanu choopsa, nakaima masiku atatu pachipata cha linga la Canossa, kumene kunali Papa, atavala chiguduli cha olapa, mpaka Papa anamukhululukira pa 28 Januwale 1077.

Ambiri amaikamba nkhani ya Canossa ngati tsiku limene Mpingo unapambana. Ife sitikuiona choncho. Miyezi iwiri isanathe, akalonga aja anakumana ku Forchheim n'kudzisankhira mfumu ina, Rudolf wa ku Rheinfelden, ngati kuti chikhululukiro sichinaperekedwe. Apa mpamene zinaonekera kuti sankafuna Mpingo woyera ayi, ankafuna mfumu yofooka, ndipo mawu a Papa anangokhala chida chawo. Inabuka nkhondo ya pachiweniweni. Mu 1080 Rudolf anadulidwa dzanja lamanja pankhondo, dzanja lomwe analumbira nalo kuti adzamvera Heinrich, ndipo anamwalira. Mu 1084 Heinrich analanda Rome n'kuikamo papa wakewake, Clement III. Asilikali a Robert Guiscard amene anabwera kudzapulumutsa Gregory anafunkha mzindawo n'kuwotcha mbali zina, kotero kuti Gregory sakanathanso kukhalamo. Anamwalirira ku Salerno mu 1085.

Nanga akhristu wamba? Midzi yawo inawotchedwa, mbewu zawo zinadyedwa ndi magulu ankhondo. M'madayosizi ena munali maepiskopi awiri, wa mfumu ndi wa Papa, aliyense akutemberera mnzake. Taganizirani mayi wonyamula khanda kuti likabatizidwe, osadziwa kuti wansembe woona ndi uti.

Koma chimene chimatipweteka kwambiri chinachitika mu 1111. Papa Paschal II anagwirizana ndi mfumu yotsatira, Heinrich V, motere: mfumu isiye kupereka mphete ndi ndodo, maepiskopi nawonso abweze kwa mfumu mizinda, misika ndi misonkho imene analandira, azikhalira chakhumi ndi zopereka za akhristu. Pa 12 Febuluwale panganoli linawerengedwa m'tchalitchi cha Petro Woyera ku Rome. Munabuka chiphokoso. Maepiskopi anakana, pamodzi ndi akalonga amene ankadyera nawo m'chuma cha Mpingo. Ufulu umene unakhetsa magazi kwa zaka zoposa 30 unaikidwa m'manja mwawo, iwo n'kuukana poopa kutaya chuma. Mfumu inagwira Papa n'kumusunga miyezi iwiri. Mkanganowo unadzatha mu 1122 ku Worms, pamene Papa Calixtus II ndi Heinrich V anagwirizana kuti mphete ndi ndodo zizichokera ku Mpingo, mfumu izingopereka za dziko. Chuma chija maepiskopi anakhalabe nacho.

Abale ndi alongo, kwathu kuno nakonso andale amabwera m'mapemphero athu, ndipo ndi ana a Mulungu ngati aliyense. Khomo n'lotsegula. Koma tikupempha ansembe ndi akuluampingo kuti pa guwa pasaperekedwe mpata wokopera anthu, ndipo mphatso iliyonse yochokera kwa wandale, kaya ndi ndalama, malata kapena galimoto, ilembedwe m'buku ndi kulengezedwa kwa akhristu onse. Ikakhala ndi chingwe, ibwezedwe. Lamuloli liyambire pa ife eni ake, ndipo mukaona tikuliphwanya, musaope kutiuza.

Kalatayi iwerengedwe m'matchalitchi onse ndi kukambidwa m'miphakati. Muzitipempherera, monga ifenso timakupemphererani.

Ife abusa anu mwa Khristu.