Musanatilange, Tiphunzitseni

Ndine wa ku Petauke. Njinga ndinaiphunzira ponyamula matumba a cimanga, ndipo manje ndimachova mpaka ku Nyimba ndikulota mipikisano ya kunja. Koma lamulo la WADA limandiopsa kuposa zitunda za ku Kacholola.

Lamulolo likuti ciliconse coletsedwa copezeka m'thupi mwako ndi mlandu wako, kaya unadziwa kaya sunadziwe. Tramadol, yemwe anzathu ena amamwa msana ukawawa, bungwe la UCI linamuletsa pa mipikisano mu 2019. Mu 2022 Nairo Quintana anamulanda malo a nambala 6 pa Tour de France cifukwa ca mankhwala omwewa. Ngakhale mankhwala ena a cimfine ali ndi pseudoephedrine, amene akaculuka mu mkodzo wapalamula. Anatiuzako ndani zimenezi?

Ena adzati ndikuikira kumbuyo akuba. Iyayi. Lance Armstrong anamulanda zikho 7 mu 2012, ndipo zinamuyenera. Koma taonani Chris Froome: mu 2017 anamupeza ndi salbutamol wopitirira muyeso, iye anasonkhanitsa maloya ndi akatswiri, mu 2018 mlandu unatha. Nanga mnyamata wa ku Nyimba wosowa ndi ya cubu yomwe, loya adzamulipira ciyani? Khoti la apilo, CAS, lili ku Lausanne.

Akuluakulu a zamasewera ku Lusaka, masulirani mndandandawo m'Cinyanja, uwerengedwe pa mawailesi a kuno. Tiuzeni kuti tili ndi ufulu wopempha kuti botolo B lipimidwe. Mukatero, wobera mumulange, ndidzaomba m'manja.